Fungo la mlenje ndi mphuno ya gwape: chimene chimathandiza ndi chimene chimangodya ndalama

Nyama imene alenje a ku America ndi ku Canada amasaka kwambiri ndi white-tailed deer, pamene m'mapiri a ku Scotland amasaka red deer. M'tchire la kwathu nyamazi mulibe. Thupi lake limafanana ndi la mbawala kapena mphoyo, koma zamphongo zili ndi nyanga zanthambi zimene zimathothoka n'kumeranso chaka ndi chaka. Muno tizitchula kuti agwape, monga ambiri amachitira m'Chichewa.

Gwape akakuonani muli chiimire amatha kukayikira, n'kuima kaye kuti aonetsetse. Kamtengo kakathyoka amadzutsa makutu, ndipo pakapanda kumvekanso kanthu amaweramiranso msipu. Koma akangomva fungo la munthu pafupi safuna umboni wina. Amaguguda pansi ndi mwendo wakutsogolo, n'kutulutsa mpweya m'mphuno mwamphamvu moti anzake onse amamva, kenako n'kuimika mchira wake woyera uja n'kuliyatsa liwiro. Nthawi zambiri, makamaka wamphongo wamkulu, sachita n'komwe phokoso. Amangotembenuka mwakachetechete ali patali, mlenje n'kubwerera kunyumba akunena kuti lero kunalibe nyama.

Mfundo yofunika kuivomereza musanagule chilichonse ndi iyi: fungo la munthu wamoyo silitha. Mungathe kulichepetsa, ndipo mungathe kusankha kumene lipite. Pa ziwirizi, chachiwiricho ndicho chimapha nyama.

Kumene fungo limachokera

Thukuta likamatuluka kumene silinunkha kwenikweni. Limanunkhitsidwa ndi mabakiteriya okhala pakhungu, makamaka m'khwapa ndi m'mphechepeche, kumene thukuta lake limakhala ndi mafuta ndi mapuloteni. Mabakiteriyawo akamadya zimenezi amatulutsa timankhwala touluka mumpweya. Khungu nalo limayoyola timamba tosaoneka ndi maso, masauzande ambiri pa mphindi iliyonse, ndipo timambato timagwera paudzu, pamasamba ndi m'njira yonse imene mwadutsa. Ndiye pali mpweya wa m'kamwa. Munthu atakhala phee amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi, ndipo kupuma kulikonse kumatulutsa fungo lochokera m'mapapo, m'kamwa ndi m'zimene wadya. Palibe sopo amene angatseke khomo limeneli.

Pamwamba pa fungo la thupi pali la zinthu zimene thupi lanyamula: petulo wa pa filing'i siteshoni, utsi wa fodya, mafuta okazingira a m'khitchini, galu wa pakhomo, mpando wa galimoto, mafuta opaka mfuti. Izi ndizo zosavuta kuzipewa, komanso ndizo zimene ambiri amaziiwala.

Mbali ya gwape nayo ndi yofunika kuidziwa. Mkati mwa mphuno yake yaitaliyo muli timafupa topyapyala topindikapindika, tokutidwa ndi kachikopa konyowa kamene kamagwira fungo, moti malo omvera fungo ndi aakulu kwambiri kuposa a munthu. Amanyambita mphuno pafupipafupi kuti ikhale yonyowa, poti mphuno yonyowa imagwira fungo bwino. Chodabwitsa kwambiri n'choti amatha kulekanitsa mafungo osakanikirana. Ife tikalowa m'nyumba timangoti muno mwaphikidwa ndiwo. Gwape akanati muno muli tomato, anyezi, mafuta ndi nsomba, chilichonse pachokha. Mfundo imeneyi tidzaikumbukira tikafika pa mankhwala ophimba fungo.

Agwape okhala pafupi ndi minda ndi midzi amamva fungo la anthu tsiku lililonse, ndipo sathawa lililonse. Amayeza kuchuluka kwake. Fungo lochepa limawauza kuti munthuyo ali kutali kapena anadutsa kalekale, lochuluka limawauza kuti ali pompano. Apa ndiye pagona phindu lenileni la kusamba ndi kuchapa: munthu amene ali pa mamita 30 amveke ngati ali pa mamita 200, gwape achite tcheru koma asathawe.

Mphepo

Ganizirani fungo lanu ngati utsi wa moto wa zinyalala. Limachoka pamene mwakhala lili lopyapyala, n'kumatambasuka m'lifupi likamapita kutali. Nyama iliyonse yolowa m'dera limene utsiwo wafika yakudziwani. Ntchito yonse ndi kuonetsetsa kuti utsiwo ukupita kumene gwape sadutsa.

Poyamba, dziwani kawerengedwe ka zanyengo. Mphepo imatchulidwa ndi kumene ikuchokera, monga mmene kunyanja timatchulira mpoto. Foni ikanena kuti mphepo ndi ya kumadzulo, fungo lanu lipita kum'mawa. Alenje atsopano ambiri amatembenuza zimenezi n'kukakhala mbali yolakwika ya mkwaso.

Chachiwiri, zimene foni yanena ndi mphepo ya pamalo oyera, pamwamba pa mitengo. Pansi m'nkhalango mphepo imayenda ngati madzi a mumtsinje wa miyala. Ikagunda chitunda imakwera, ikadutsa pamwamba imagwera kuseri n'kuzungulira, moti munthu wokhala kuseri kwa phiri amatha kuimva ikuwomba mobwerera. Ikalowa m'khwawa imatsata khwawalo ngakhale likhote. Pamphepete pa munda, pamene mitengo yathera, imapanga kamvuluvulu wosaoneka. N'chifukwa chake zigwa zakuya ndi makwawa, ngakhale mapazi a nyama achuluke bwanji, ndi malo ovuta kwambiri kubisalirapo. Agwape akuluakulu amakonda malo otere chifukwa chomwecho: fungo limawafikira kuchokera mbali zonse.

Mphepo yabwino kwa mlenje ndi yokhazikika, ya makilomita 8 mpaka 20 pa ola. Tsiku la bata, limene ambiri amaliyesa labwino, ndilo loopsa, chifukwa kamphepo kofooka kamasinthasintha ndipo fungo limaunjikana pozungulira inu n'kumafalikira kulikonse.

Poyeza mphepo pamalopo, alenje a ku America amanyamula kabotolo kofinya kokhala ndi ufa wopanda fungo. Nzeruyi si yachilendo kwa alenje a mu Africa muno, amene amagwedeza kathumba ka phulusa akamalondola nyama. Koma ufa kapena phulusa zimangoonetsa zimene zikuchitika pa mamita awiri kapena atatu. Chimene chimaphunzitsa zambiri ndi ubweya wa njere za chomera chotchedwa milkweed, wofanana ndi usufu. Mukaulekerera m'mwamba umauluka mamita 50 kapena kupitirira mukuuona, ndipo mumadabwa kuona ukupita kum'mawa, n'kutsika, n'kukhota kutsata ngalande, n'kukafika pa mkwaso womwe mumayesa kuti uli bwino. Chotsani njerezo musanauulutse kuti musafese chomeracho m'munda wa eni ake. Ndi bwino kuchita zimenezi nyengo yosaka isanayambe, pa mphepo zosiyanasiyana, n'kulemba zimene mwapeza pa malo aliwonse.

Mpweya wokwera ndi wotsika

Pali mphepo ina imene foni siinena. Aliyense amene anakulira kumudzi anaonapo utsi wa madzulo m'mwezi wa Juni ukugona pansi n'kumatsetserekera kudambo, ndipo amadziwa kuti ukatsikira kudambo usiku kumazizira kuposa kumtunda. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho dzuwa likapendeka nthaka n'kuyamba kuzizira, mpweya umatsika motsata mtsetse ngati madzi, n'kukadikha m'zigwa. M'mawa dzuwa likatenthetsa nthaka, mpweya umapepuka n'kuyamba kukwera phiri. Fungo lanu limayenda nawo ulendo wonsewo.

Tanthauzo lake pa ulenje ndi lakuti m'mawa, dzuwa likawomba, mukhale kumtunda kwa kumene mukuyembekezera nyama, ndipo madzulo mukhale kumunsi kwake. Koma pali zinthu zitatu zimene zimasokoneza lamuloli. Choyamba, mpweya suyamba kukwera m'bandakucha. Umapitiriza kutsika mpaka dzuwa litafika pa mtsetse umenewo, mwina ola limodzi kapena awiri litatuluka, ndipo mbali ya phiri ya mthunzi imachedwa kuposa yoyang'ana kum'mawa. Mlenje amene wakwera kumtunda kukadali mdima, agwape ali kumunsi kwake, wawatumizira fungo lake lonse kusanache. Chachiwiri, pa nthawi yosinthira, mpweya umapita uku ndi uku kwa kanthawi, ndipo nthawiyi imakumanizana ndi pamene agwape amayenda kwambiri. Chachitatu, mphepo yamphamvu imagonjetsa mpweya wokwera ndi wotsikawu, koma madzulo mphepo ikangoleka, wotsika uja umalanda ufumu nthawi yomweyo. Ambiri amagwidwa pa mphindi 30 zomaliza kusanade: tsiku lonse mphepo inali kumaso, mwadzidzidzi akumva kuzizira pankhongo.

Madzi nawo amakoka mpweya. Mtsinje wozizira woyenda m'chigwa umatenga mpweya wa madzulo n'kutsika nawo, choncho kukhala m'mphepete mwa mtsinje, nyama zili kumtunda, ndi njira imodzi yodalirika yotayira fungo.

Chinyezi chimathandiza gwape. Tsiku lozizira la nkhungu kapena la mvula yowaza, fungo limakhalitsa paudzu ndipo limamveka bwino. Kukatentha n'kuuma limauluka msanga. Mvula yamphamvu imatsuka fungo la m'njira, n'chifukwa chake alenje odziwa amakamanga nsanja zawo zobisalirapo mumtengo kapena kukaona makamera awo otchera kuthengo ojambula nyama mvula ili pafupi kugwa.

Pokhala ndi polowera

Wosaka ndi uta amafunika gwape afike pa mamita 20 kapena 30, choncho nsanja yake ya mumtengo imakhala mamita 15 mpaka 25 kuchokera pa mkwaso, mbali imene mphepo ikulowera. Kumbuyo kwake kukhale chinthu chimene agwape sadutsamo: dziwe, phompho, msewu, kapena munda woyera umene sangaudutse masana. Malo abwino amafunika nsanja ziwiri, ina ya mphepo ya kumpoto kapena kumadzulo, ina ya mphepo ya kumwera. Mphepo ikakhala yolakwika pa zonse ziwiri, musapiteko. Kudziletsa kumeneku kumavuta, makamaka kwa munthu amene wapeza tchuthi cha masiku awiri okha, koma kukhala tsiku limodzi pa mphepo yolakwika kumatha kuwononga malowo kwa masabata.

Nsanja zambiri zimamangidwa mamita 5 kapena 6 kuchokera pansi. Kukwera kumathandiza fungo kudutsa pamwamba pa nyama zimene zili pafupi, makamaka m'mawa mpweya ukukwera, koma madzulo limagwa pansi ndithu. Ndipo musakwere popanda lamba womangirira thupi kumtengo kuyambira pochoka pansi. Kugwa pa nsanja ndi imodzi mwa ngozi zimene zimavulaza alenje ambiri ku America.

Gwape wamphongo wamkulu ali ndi machenjera ake. Amakonda kugona kuseri kwa chitunda, pang'ono kutsika kuchokera pamwamba, mphepo ikuchokera kumsana kwake, maso ali kumunsi. Chakumbuyo amachimva ndi mphuno, chakutsogolo amachiona. M'nyengo yokwerana, imene kumpoto kwa America imafika pachimake mu Novembala, amayenda m'mphepete mwa zitsamba zimene zazikazi zimagona, mbali imene mphepo ikulowera, kuti azinunkhize osalowamo. Mukamuitana ndi chitoliro kapena pogundanitsa nyanga, kawirikawiri sabwera molunjika. Amazungulira kuti mphepo imubweretsere fungo la chimene chikulira. Choncho muyembekezereni mbali imene fungo lanu likupita, ndipo mukhale ndi mpata wolasa asanalowe m'fungolo. Alenje akale pa ntchitoyi amasankha dala mphepo imene gwape akuiona ngati ikumukomera, koma n'kukhala pamene mkwaso wakhota, kuti fungo lawo lidutse pambali pang'ono chabe. Njirayi imapha agwape akuluakulu, komanso mphepo ikasuntha pang'ono zonse zawonongeka.

Njira yopitira ku nsanja ndi yofunika mofanana ndi nsanjayo. Fungo lanu lisawombere kumene nyama zagona kapena kumene zikudya pamene mukuyenda. M'mawa agwape amakhala m'minda, choncho musadutse m'munda, lowerani kunkhalango. Madzulo amakhala ku malo ogona, choncho lowerani kumunda. Yendani m'ngalande kapena m'madzi osaya ngati alipo. Musaponde mkwaso umene mukufuna kuti nyama idzere, ndipo ngati palibe kuchitira mwina, udutseni pamalo amene mungathe kulasapo, poti gwape akafika pamenepo amaima n'kununkhiza. Sadzani nthambi za m'njira yanu nyengo yosaka isanakwane kuti zisakukhudzeni, ndipo musagwire masamba ndi manja opanda magolovesi.

Ku Scotland, kumene mlenje amawenderera red deer pa mapiri opanda mitengo, lamulo ndi lomwelo koma pa mtunda waukulu. Amayamba kuyenda mphepo ili kumaso, ndipo amalolera kuzungulira phiri kwa maola kusiyana n'kudutsa pamene mphepo ingatengere fungo lake ku gulu la nyama, ngakhale lili pa mamita mazana angapo.

Thupi, zovala, nsapato

Sambani musananyamuke ndi sopo wopanda zonunkhiritsa, mutu womwe, n'kudzipukuta ndi thawulo lochapidwa ndi sopo wotereyo. Thawulo la masiku onse limabwezera pathupi pefyumu yense amene mwangochotsa. M'khwapa pakani mankhwala oletsa thukuta opanda fungo. Tsukani mano ndi lilime ndi soda wophikira, yemwe uja wa therere, ndipo pewani adyo, anyezi wamuwisi, mowa ndi fodya kuyambira dzulo lake.

Zovala zichapidwe pazokha. Ngati mukugwiritsa ntchito makina ochapira, yambani mwawayendetsa opanda zovala, ndi madzi otentha ndi soda, kuti sopo wakale achoke. Kenako chapani ndi sopo wosanunkhira, kapena ndi theka la kapu ya soda. Sankhani sopo wopanda mankhwala owalitsa nsalu, poti maso a gwape amaona bwino kuwala kwa mtundu wa buluu. Yanikani panja, kutali ndi khitchini ndi galimoto. Zikaumiratu, zitsekereni m'chidebe cha pulasitiki cha chivindikiro chothina. Zovala zotsekeredwa zisanaume zimachita nkhungu, ndipo fungo lake limaposa limene munachotsa. Ena amaikamo masamba ouma kapena nthambi za mitengo ya kumene akukasakako, zomwe n'zabwino malinga zikhale zouma.

Muvale zovalazo mutafika kuthengo, kunja kwa galimoto. Apa ndi pamene ambiri amatayira ntchito yonse: achapa bwino, asunga bwino, kenako avala kunyumba, aima pothira petulo, alowa mogulitsa khofi.

Mdani wamkulu ndi thukuta la m'njira. Munthu akavala majekete onse n'kuyenda kilomita imodzi atasenza katundu amafika atanyowa, ndipo pakapita ola mabakiteriya ayambiranso ntchito, iye akunjenjemera ndi chisanu. Nyamukani mphindi 30 msanga, yendani pang'onopang'ono mutavala chopepuka, majekete ali pa chikwama, n'kuvala mutakhala kaye pansi thupi litazizira. Chovala cha mkati cha ubweya wa nkhosa za merino sichisunga fungo ngati cha poliyesitala.

Nsapato za labala zofika m'mawondo zimasiya fungo lochepa pansi kusiyana ndi zachikopa kapena zansalu, makamaka mukalowetsa buluku mkati. Koma zatsopano zimanunkha labala, choncho zisiyeni panja masabata angapo ndipo muzipake matope. Zisapondenso pena paliponse kupatula kuthengo. Mkati mwake mumachita thukuta kwambiri, ndiye muziumitse tsiku lililonse n'kuwazamo soda. Musaiwale chipewa, lamba wa mfuti, chikwama ndi chomangira pamkono cha wosaka ndi uta. Zimenezi zimamwa thukuta chaka ndi chaka osachapidwa.

Za m'sitolo

Mankhwala opopera amathandiza pa nsapato, pa chikwama ndi kunja kwa zovala, koma amangogwira pamene afika. Alenje ambiri amapanga okha: mamililita 500 a hydrogen peroxide (mankhwala otsukira mabala) wa 3 peresenti, mamililita 500 a madzi oyera otchedwa distilled water, kota ya kapu ya soda, ndi mamililita 30 a sopo wamadzi wosanunkhira. Sakanizani pang'onopang'ono, ndipo musatseke botolo kwa masiku angapo, chifukwa zosakanizazo zimatulutsa mpweya umene ungaphulitse botolo lotsekedwa. Sungani m'botolo losalowa kuwala, ndipo yesani kaye pakona pa chovala poti peroxide amatha kusintha mtundu wa nsalu.

Zovala zokhala ndi makala otchedwa activated carbon zimagwiradi fungo, koma makalawo amadzaza. Kufakitale amawatsitsimutsa ndi moto wopitirira madigiri 700, pamene makina oumitsira zovala a m'nyumba safika ngakhale pa 100, choncho amangochotsako gawo. Makina otulutsa mpweya wa ozone amaphwanya timankhwala ta fungo, ndipo amagwira bwino m'chidebe chotseka muli zovala zouma. Koma ozone amapweteka mapapo ndipo amadya labala ndi lasitiki, moti malamba a chitetezo ndi nsapato za labala siziyenera kulowamo, ndipo makinawo asayatsidwe m'galimoto muli munthu. Magazini ya alenje ya Field & Stream inayesapo njira zoterezi ndi galu wapolisi wofufuza munthu wobisala m'bokosi. Zina zinamuchedwetsa galuyo pang'ono, koma mapeto ake ankamupeza munthuyo.

Mafungo ophimba, monga a dothi, a paini kapena a mkodzo wa nkhandwe, amakumana ndi vuto lija la mphuno yolekanitsa: gwape amamva paini, n'kumvanso munthu. Akaikidwa pa nsapato pang'ono savulaza, malinga akhale a chinthu chopezeka m'deralo. Fungo la paini m'nkhalango yopanda paini limangodzutsa chidwi chimene simukuchifuna.

Mkodzo wa gwape wogulitsidwa m'mabotolo wokopera nyamazi uli ndi nkhani ya malamulo. Matenda a chronic wasting disease, amene anayamba kuoneka ku Colorado mu 1967, amawononga ubongo wa nyamazi, alibe mankhwala, ndipo amafala kudzera m'malovu, mkodzo ndi ndowe. Chifukwa cha ichi madera ena, monga Virginia ndi Vermont kuyambira 2015, analetsa kugwiritsa ntchito mkodzo weniweni posaka. Werengani malamulo a dera limene mwatengera chiphaso chanu chaka chilichonse, poti amasintha. Mkodzo wa munthu, umene ambiri amauopa mpaka kunyamula botolo, suopseza agwape kwenikweni. Ofufuza a ku Stephen F. Austin State University ku Texas anauthira pamalo amene amphongo amapalasa pansi, ndipo agwape anapitiriza kufikapo. Choopsa ndi fungo la khungu, manja ndi mpweya.

Gwape akakununkhizani

Zikachitika, onani kaye chimene chalakwika. Ulutsani ubweya uja nthawi yomweyo muone kumene mpweya ukupita, chifukwa phunziro la malowo lili pa mphindi imeneyo. Ngati kunali kuzungulira kwa kanthawi, khalani. Gwape wina wochokera mbali ina akhoza kubwerabe, makamaka m'nyengo yokwerana. Ngati mphepo yatembenukiratu ndipo ikupita ku malo ogona nyama, tsikani mupite, ngakhale nthawi ikhale yabwino bwanji.

Wamkazi wamkulu amene wakugwirani muli mumtengo saiwala. Ulendo wotsatira amafika akuyang'ana m'mwamba mwa mtengo womwewo, kapena amadzera patali, ndipo ana ake amatengera njira yatsopanoyo. Kusuntha nsanja mamita 40 kapena 50 kumathandiza kuposa kubwerera pomwepo. Ngakhale nyama isakuoneni, ulendo uliwonse umasiya fungo pansi pa mtengo ndi m'njira, ndipo agwape amalipeza usiku inu mutapita. N'chifukwa chake tsiku loyamba pa nsanja ndilo limakhala ndi mwayi waukulu, ndipo malo abwino kwambiri amayenera kupumitsidwa masiku angapo pakati pa maulendo. Potuluka madzulo, agwape akakhala ali m'munda pafupi nanu, dikirani achoke okha, kapena pemphani mnzanu abwere ndi galimoto kapena thalakitala adzawabalalitse. Amathawa galimotoyo, imene anaizolowera pa ntchito za pafamu, osadziwa kuti mumtengo munali munthu.